Kampira Kamene Ndinagwetsera m'Giyabokosi ya a Zwane

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti mzungu amene ndimamutchula m'pemphero uja ndi ndani, poti simunamuonepo ndipo ku Ntcheu kuno sanapondeko. Mayi anu amati ndikamasimba pakamwa ndimathira mchere wambiri, ndiye ndati ndilembe. Zaubwana wanga ndazilumpha. Mukazifuna kafunseni azakhali anu, ngakhale iwo amakumbukira zoipa zokhazokha.

1981 mpaka 2003

Ntchito yanga yoyamba inali pa galaja ina ya malole ku Limbe. Ndinalowa ngati wotsuka zitsulo, koma kapitawo wathu, a Mbewe, ataona kuti mawaya sindiwaopa, anandipereka ku zamagetsi a galimoto. Zaka zimenezo masipeya ankavuta koopsa. Chitsulo ukachiitanitsa podzala, unkachiona chimanga chitauma, ndipo nthawi zina chinkabwera cha galimoto ina. Ndiye tinaphunzira kukonza ndi zimene zilipo. Gasiketi tinkadula pa katoni, fyuzi tinkamanga ndi kawaya ka m'chingwe cha ayironi, ndipo tikafuna kubowola chitsulo chimene m'kati mwake muli oyilo, sitinkavutika n'kumasula. A Mbewe ankapaka girisi wambiri pa chobowolera, n'kumabowola pang'onopang'ono, kutulutsa, kupukuta, kupakanso, kuti tizinyenyeswa ta chitsulo tikakamire ku girisiyo tisagwere m'kati. Njira imeneyi ndinaidziwa bwino mpaka kumadzitama nayo. Kudzitama ndiye matenda anga, inu mukudziwa.

Galajayo inatsekedwa mu 1998. Nditayesa ulimi wa kabichi n'kuona kuti mphutsi zikudya kuposa ife, ndinakwera basi ya ku Joni mu 2000, inu ndikukusiyani muli aang'ono. Zaka zitatu ndinali wa m'dimba pa nyumba ina ku Benoni, mmisiri wathunthu kumadula maluwa. Tsiku lina galimoto ya adona inakana kulira, ndipo munthu amene anamuitana kudzaikonza anandipeza nditaikonza kale ndi mpeni wa kukhitchini. Anandiyang'ana, nayang'ana mpeniwo, n'kundifunsa ngati ndimakonda kwambiri maluwa. Munthuyo anali Oom Fanie, ndiko kuti amalume a Fanie m'Chibunu.

A Fanie anali Mbunu wamfupi, wamimba, wovala kabudula ngakhale m'kuzizira kwa mu Juni. Paunyamata wawo anagwira kumigodi, ndiye akakwiya Chingerezi chinkawathawa, n'kutulukira Chifanagalo, chilankhulo cha kumigodiko. Galaja yawo ku Brakpan inali yaing'ono, ndipo ankakonza magalimoto akale okhaokha, aja a zitsulo zenizeni amene eniake amawasamala kuposa akazi awo. Chida chawo chilichonse, kuyambira jeke mpaka kasipanala kochepetsetsa, anachidinda timizere titatu ndi tupa kuti chisasochere. Tsiku loyamba anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, chida chibwerere pa msomali wake dzuwa lisanalowe. Lachiwiri analinena akundiloza pachifuwa: "Chilichonse chofuna kubowola chimasulidwe, chibwere pa benchi. Ukadzabowola chili pa galimoto, osadikira kuti ndikuuze. Chipata ukuchiona."

Meyi 2008

Ndinkakhala ku Dukathole, ku Germiston, m'kanyumba ka malata kamene ndinkagawana ndi mnzanga wa ku Chipata. Chipwirikiti chothamangitsa alendo chitafika kwathuko, ndinathawa ndi ovolosi imene ndinavala ndi Baibulo basi. Sindikufuna kulemba zambiri za masiku amenewo, mayi anu analira zokwanira pa foni. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti m'mawa mwake a Fanie anandipeza nditakhala pachipata cha galaja, ndipo sanandifunse kalikonse. Anatsegula kachipinda kakuseri kosungiramo matayala, natulutsa matayalawo okha mmodzimmodzi, ine nditangoima ngati chitsiru. Kenako anapita kwawo n'kubwera ndi matiresi, mabulangete awiri, ketulo, ndi malaya awo amene ankandikwana kawiri. Anati, "Ukhale muno mpaka zizizire." Zinazizira, anthu anabwerera m'makomboni, koma ine ndinachita mantha kubwerera, ndipo iwo sananene kanthu. Motero ntchito yanga ndi denga langa zinakhala m'manja mwa munthu mmodzi.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Chaka chotsatira, mmisiri mnzanga wa ku Mozambique, wodziwa ntchito kuposa ine, anabowola kabowo pansi pa injini osamasula, pofuna kufulumira. Palibe chinawonongeka, galimoto inapita bwinobwino. Koma a Fanie atamva, munthuyo anachoka tsiku lomwelo, ndipo ine ndinamuperekeza mpaka pokwerera matekisi nditamunyamulira chikwama. Ndinkaona kuti lamulolo n'lankhanza. Mumtima ndinkati azungu amatha kutero chifukwa sanaonepo kusowa.

Ogasiti 2010, Lachiwiri

Mwa makasitomala athu onse, amene ndinkawakonda anali Baba Zwane a ku Wattville, nkhalamba yaitali imene inapuma pa ntchito yoyendetsa ambulansi. Anali ndi galimoto yobiriwira ya ku Mangalande, ya m'ma 1960, ya magiya anayi, ndipo kwa zaka zambiri palibe wina anaigwirako kupatula a Fanie. Awiriwa ankatukwanana m'Chifanagalo ngati anyamata, kenako n'kumwa tiyi. Akazi awo a Zwane, MaDlamini, anali atamwalira chaka chapitacho kuchipatala.

Lolemba a Zwane anabweretsa galimoto ndi pempho lachilendo. Ankafuna nyale ya rivesi, yoyaka yokha munthu akaponya giya yobwerera m'mbuyo. Galimotoyo inapangidwa yopanda nyale yotero, ndipo a Zwane anaiyendetsa zaka makumi anayi osaisowa. Anafotokoza kuti Loweruka akupita kumudzi kwawo, kumapiri a KwaZulu, kukatula mzimu wa akazi awo. Kwawoko munthu akafera kutali, achibale amatenga nthambi ya mtengo umene iwo amati umlahlankosi, womwe ndi kankhande wathuyu, amapita pamalo pamene anafera, n'kumuitana kuti tiye kwanu. Wonyamula nthambiyo amalankhula ndi malemuyo njira yonse, kumuuza kuti tsopano tikuwoloka mtsinje wakuti, tsopano taima kuthira mafuta, ndipo salankhula ndi munthu wina aliyense mpaka atafika. Ndiye a Zwane sakanayendetsa. Woyendetsa anali mwana wawo wamkazi, namwino, ndipo iyeyo anakanitsitsa kuti kumudziko msewu umathera pa mtsetse wopanda pokhotera, pambali pali chigwembe, sangabwerere chambuyo popanda nyale. Ine monga mkulu wa mpingo ndinali ndi maganizo anga pa za nthambizo, koma palibe anandifunsa, ndipo ndikuthokoza kuti ndinatseka pakamwa.

Ntchito yake si yovuta kuimvetsa. Pa chivundikiro cha giyabokosi, pamwamba, umabowola bowo loyang'anizana ndi kamtengo kachitsulo kamene kamasuntha ukaponya rivesi. Umadula mazinga m'bowomo, n'kumangamo swichi. Kunsonga kwa swichiyo kuli kampira kachitsulo, kukula kwake ngati njere ya nandolo. Kamtengo kaja kakasuntha kamakankha kampirako, magetsi n'kudutsa kupita ku nyale kumbuyo. Luso lagona pa kuya kwake: ukamanga mosafikitsa, nyale siyaka, ukapitiriza, kamtengo kamamenya swichi. N'chifukwa chake umayesa ndi mawasha, timphete tachitsulo topyapyala, kuika imodzi, kuyesa, kuonjezera ina. Chovuta pa galimoto ya a Zwane chinali chakuti chivundikirocho sichingachoke usanachotse mipando, kapeti ndi chitsulo chapakati, ntchito ya tsiku lathunthu.

A Fanie anandipatsa ntchitoyo ine, zimene zinandidabwitsa chifukwa galimoto imeneyi sankalola munthu kuigwira. Lachiwiri m'mawa anapita kuchipatala kukayezetsa shuga, atandiuza kuti ndimasule chivundikiro ndichiike pa benchi. Atangotuluka ndinakweza kapeti n'kupeza kachitseko kakang'ono pansi, ndipo malo obowola anali pomwepo, kundiyang'ana. Ndinamva mawu a a Mbewe a ku Limbe m'mutu mwanga. Ndinati, ine Wyson, wobowola ma giyabokosi a malole a matani khumi, ndivutike tsiku lonse chifukwa cha kabowo kamodzi? Ndinatenga girisi. Kunena zoona ndinabowola mwaluso, palibe kanyenyeswa kanagwera m'kati, ndipo mazinga anatuluka okongola. Koma chifukwa chivundikiro chinali pamalo pake, sindinkaona kuti swichi yalowa mpaka pati. Swichi yake inali yakale, yochotsa pa galimoto yakufa. Ndinaimanga ndi washa imodzi, ndinakhala pampando, n'kuponya rivesi mwamphamvu ngati mwini galimoto. Ndinamva kuti tche, kenako kaphokoso kakang'ono kakutsika m'kati. Nditamasula swichi, kunsonga kwake kunali bowo lokha.

Ndinamanga maginito ku waya n'kuwedza m'bowomo, osakola kanthu. Ndinakhetsa oyilo yense kudzera pa nsalu, n'kumufinya ndi zala, kampira osaoneka. Ndiye ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinabwezera oyilo, ndinatenga swichi ina m'bokosi, ndinaimanga ndi mawasha atatu, ndinakoka waya kuchokera pa fyuzi mpaka kumbuyo, ndipo nyale inayaka bwino kwambiri. Mipando ndinaimasula mabawuti awiri n'kuwamanganso kuti pazioneka kuti sipanala inadutsapo. A Fanie atabwera madzulo anaponya rivesi, nayang'ana kuwala pakhoma, n'kunena kuti, "Mooi, Malawi. Wafulumira." Malawi ndilo dzina limene ankandiitana, ndipo mooi ndiko kuti zabwino. Ndinayankha kuti zikomo.

Lachitatu

Ndinadzuka nditakonza kale zifukwa zanga, ndipo zinali zomveka. Kampira kolemera kamapita pansi, kamakhazikika m'matope a oyilo, mwina osadzasunthanso. Mwayi woti kanyamulidwe n'kulowa pakati pa mano a magiya unali wochepa. Ndikaulula, ndichoka tsiku lomwelo, ndipo ndikachoka ndigona kuti? Ku Dukathole? Inu munali ku sekondale, mayi anu ankadalira ine. Ndinadziuza kuti munthu wanzeru satentha nyumba yake chifukwa cha chinthu chimene mwina sichichitika. Ndinamwa tiyi ndi mtima umenewo.

Cha m'ma teni a Zwane anabwera pa tekisi kudzaona nyale yawo. Ndinaponya rivesi, iwo ataima kumbuyo, ndipo anaomba m'manja ngati mwana. Kenako anazungulira, natsegula chitseko chakumbuyo, n'kundionetsa pamene adzakhale. "Ine apa, MaDlamini apa, pawindo. Amakonda pawindo." Ananena ngati munthu wamoyo amene akudikira panja. Atatseka chitseko anandigwira paphewa. "Ndodana, mwanawe, yang'ana zonse bwinobwino. Ukudziwa kuti ndikanyamula nthambi ija pakamwa panga patsekeka. Galimoto ikafa pamsewu, sindingathe ngakhale kuuza mwana wanga kuti tsegula boneti. Ndipo potsika mapiri aja timatsika ndi giya, mabuleki a gogo wa galimotoyu sindiwakhulupirira." Ndinati, "Yebo, Baba." Mawu awiri amenewo anandiwawa kuposa bodza lililonse limene ndinanenapo.

Atapita ndinalowa m'dzenje lokonzera magalimoto n'kukhala pansi. Ndinaona galimoto ija ikutsika phiri ndi giya yachiwiri, kampira katalowa pakati pa mano, mawilo akumbuyo atauma, mtsikana ali pa chiwongolero, nkhalamba kumbuyo itagwira kanthambi. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinali ndi mantha awiri, ndipo amene anapambana anali aakuluwo. Ndinapita kuchipinda kwanga kaye n'kulongedza zovala m'chikwama, kuti pondithamangitsa ndisadzachedwetse anthu. Kenako ndinatenga swichi yopanda kampira ija n'kukaiika pa tebulo la a Fanie, pambali pa kapu yawo.

Anaitenga, naitembenuza, n'kuyang'ana kunsonga. Munthu wa ntchito safuna kumufotokozera zambiri.

"Kali kuti?"

"M'kati, Oom."

"Kagwera bwanji m'kati chivundikiro chili pa benchi?"

"Sichinapite pa benchi, Oom. Ndinabowola chili pomwepo. Mipando sindinachotse, ndinangogwira mabawuti kuti muone ngati ndachotsa."

Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. "Ini wena yenzile?" anakuwa, ndiko kuti wachita chiyani, ndipo zotsatira zake sindingazilembe m'buku loti adzukulu adzawerenge. Ndinaima manja kumbuyo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti atatukwana anakhala pansi ngati wodwala, akuyang'ana galimotoyo osati ine. Ndinaganiza kuti ndi shuga. Pomaliza anati, "Giyabokosi itsike. Ndilibe manja ena, ndiye uitsitsa ndiwe. Galimoto ikatuluka pachipata, iwenso utuluke." Ndinawauza kuti chikwama ndalongedza kale. Anati ndachita bwino.

Lachinayi

Tinagwira ntchito osalankhulana. Mabawuti amene sanamasulidwe chibadwire cha inu anatitengera masana onse a Lachitatu, ndipo giyabokosi inafika pa benchi Lachinayi m'mawa. Ndinaona kuti a Fanie akuzengereza kuitsegula. Anapukuta manja, anakapanga tiyi, anakayankha foni imene ine sindinaimve ikulira. Potsiriza anati nditsegule ndine, iwo akubwera.

Ndinachotsa chivundikiro, ndinatulutsa magiya mwadongosolo n'kuwayala pa nsalu. Pansi pake panali matope akuda a zaka zambiri. Ndinapisamo zala, ndipo kuseri kwa kamzere kachitsulo ndinakhudza kampira kanga. Sikanali kokhazikika monga ndinkadzinamizira. Kanali kale ndi chipsera mbali imodzi, kutanthauza kuti pongoyesa rivesi m'galaja muja, giya inali itakakhudza kale. Ndikupukuta matope otsala, chala changa chinagunda chinthu china chachitali. Ndinachikoka. Kanali kasipanala kakang'ono, kotalika ngati chala changa chakanise, mbali imodzi katapekesedwa mpaka kunyezimira. Nditakapukuta ndi nsalu ndinaona timizere titatu ta tupa.

Ana anga, inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Wamkulu akapunthwa pagulu, umayang'ana kumbali. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangochita lokha, kasipanalako kanalowa m'thumba la ovolosi. Ndinati munthu amene anandipatsa denga sindingamuvule pamaso panga, ngakhale akundichotsa ntchito. Koma a Fanie anali ataima pakhomo, kaya kuyambira liti.

"Tulutsa."

"Kampira ndakapeza, Oom, aka."

"Wyson. Chimene waika m'thumba."

Ndinatulutsa n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anakhala pa mgolo wa oyilo ngati munthu amene wayenda ulendo wautali. Anakayang'ana kanthawi, n'kunena chapansipansi kuti, "1986." Anandiuza kuti chaka chimenecho anali atangotsegula galaja, makasitomala anali ochepa, ndipo a Zwane anali mmodzi mwa oyamba kuwakhulupirira. Anatukula chivundikiro pang'ono giyabokosi ili pa galimoto pofuna kufulumira, kasipanala kanaterereka m'manja, ndipo a Zwane anali panja akudikira kuti akatenge akazi awo kuntchito. Anawedza, analephera, anatseka. Kuyambira tsiku limenelo, galimotoyo ikalowa pachipata mtima wawo unkadumpha, ndipo ikatuluka ankati mwina ulendo uno. Lamulo la benchi lija linabadwa sabata yomweyo. Ntchito ya swichi anandipatsa ine chifukwa sankafuna kuona m'kati mwa bokosilo ndi maso awo. Ine ndinasowa poyang'ana, ndinangoyamba kutsuka magiya ndi palafini.

Mano awiri a giya ina anali okumbika m'mphepete, zipsera zakale. A Fanie anali ndi ina yabwino pa shelefu, imene anati anaigula kalekale n'kuisunga chifukwa cha tsiku ngati limeneli. Chivundikiro tinachiika pa benchi, tinayesa swichi ndi nyale yoyesera tikuona ndi maso mmene kamtengo kakukankhira, ndipo mawasha awiri ndi amene anakwana. Za kuchoka kwanga sananenepo kanthu, inenso sindinafunse. Chikwama chinali chikhalire pa matiresi.

Lachisanu

Giyabokosi inabwerera pamalo pake masana. Tinayesa galimoto pamsewu wopita ku Springs, magiya ankalowa ngati mpeni m'papaya. A Fanie anati tikaipereke tokha ku Wattville, iwo pa chiwongolero, ine pambali. Anali atavala buluku lalitali, koyamba chiwadziwireni. Titafika pafupi ndi nyumba ya a Zwane anaimitsa galimoto patali pang'ono n'kuzimitsa injini.

"Malawi, chikwama chija ukamasule."

"Oom, lamulo ndinaswa."

"Unaswa, ndipo ukadzabwerezanso ndidzakuponya kunja ndi manja angawa. Koma iwe wakhala chete tsiku limodzi. Ine zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndikuchotse ndi nkhope iti?" Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Tandiuza, poti iwe wazichita dzana. Munthu amayamba bwanji?"

Ndinawauza kuti ine ndinangoika chinthucho pa tebulo, zina zinabwera zokha. Misozi inali pafupi, ndipo ndinayang'ana pawindo kuti asaone. Ndinagwira pa galaja imeneyo zaka zina zisanu ndi zinayi, mpaka maso atayamba kundivuta, ndipo nonsenu munamaliza sukulu ndikugona m'kachipinda ka matayala kaja. Mnzanga wa ku Mozambique uja a Fanie anamufunafuna mwezi wotsatira, koma anali atabwerera kwawo, ndipo zimenezi zinawadya mpaka imfa yawo.

A Zwane anatilandira pabalaza. Panyumba panali piringupiringu, azimayi akulongedza mabulangete ndi ziwiya za ulendo. Nthambi ija inali pa tebulo, yokulungidwa kumunsi ndi nsalu yoyera. A Fanie anavula chipewa, anakhala kumphepete kwa mpando, n'kuika kampira ndi kasipanala pambali pa nsaluyo. Ine ndinafuna kuyamba, poti ndinali wamng'ono ndipo mlandu watsopano unali wanga, koma anandigwira bondo. Analankhula okha, osati m'Chifanagalo chotukwanirana chija, koma m'Chizulu chothyokathyoka chimene sindinkadziwa kuti amachitha. Zanga anazinena mwachidule. Zawo anazinena zonse, chaka, tsiku, ndi kuti a Zwane anali panja akudikira.

A Zwane anatambasulira dzanja pa tebulo. Anatenga kasipanalako, nakagogoda pa mbale ya kapu ya tiyi. Kanalira kuti ngwi. Anagogodanso, akumvetsera mutu atapendeketsa.

"Fanie," anatero, "ukukumbukira kuti ndinabwera ndi MaDlamini kangati ku galaja kwako? Ankati pansi pa mpando pali chinthu chikulira ngati supuni m'kapu, makamaka pa msewu wa miyala wa kumudzi. Iwe unkayendetsa pa tara, n'kunena kuti palibe kanthu. Ine ndinkamuseka. Ndinkauza alendo kuti mkazi wanga amamva masupuni m'galimoto. Mpaka ana anayamba kumuseka nawo. Kenako analeka kunena."

A Fanie anaweramitsa mutu. "Ndinkadziwa chimene ankamva, Baba."

"Unkadziwa."

Azimayi kukhitchini analeka kugunditsa mapoto. Ndinkadikira kuti nkhalambayo itithamangitse, ndipo ikanatero sindikanaiona yolakwa. Inapukuta maso ndi chala chachikulu, kenako inandibwezera kampira kanga m'dzanja n'kunena kuti, "Ndodana, aka n'kako, wakalipira kale." Kasipanalako sinabweze. Inamasula nsalu yoyera ija pang'ono, n'kukalowetsa pambali pa nthambi, n'kumanganso.

"Za iwe, Fanie, tidzakamba ndikabwerako, ndipo sizidzakhala zokoma. Koma aka ndikupita nako. Ulendo ndi wautali, ndipo ndimada nkhawa kuti ndikamuuza chiyani njira yonseyo kupatula mayina a mitsinje." Anasisita nsaluyo ndi dzanja. "Mawa tikangochoka pa tara, ndimuuza kuti MaDlamini, tamvera, chasiya kulira. Sunkanama."